Bolopeni Yofiira

Ndirande, Blantyre
6 Febuluwale 1995

Achemwali a Madina,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira Ramazani mwaiyamba bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili moyo, kungoti mvula yatikwana.

Mu envulopu muno mupeza makalata awiri ndi bolopeni yofiira. Kalata yaifupiyo ndi ya mayi, muwawerengere monga mwa nthawi zonse. Inoyi ndi yanu nokha, mukatha kuwerenga muiponye pamoto. Vuto langa ndi lakuti makalata onse ochokera ku Ngala amalembedwa ndi dzanja lanu, ndiye sindidziwa pamene akulankhula mayi ndi pamene mukulankhula inu. Tipangane chonchi: zimene mayi akukuuzani muzilemba ndi yabuluu, zanu za mumtima muzilemba ndi yofiirayi. Mayi sadziwa kuwerenga, palibe chimene angazindikire. Akuti boma latsopanoli linasiya kutsegula makalata a anthu, koma ine amene ndimamuopa sanakhalepo m'boma.

Ntchito yoonetsa kanema wa zaulimi m'midzi ija ndinasiya. Pano ndili ndi a Layson, bambo amene anathawa m'dziko muno ali mnyamata, ndipo anabwerera chaka chatha ndi makamera awiri ndi mutu wa imvi. Ine ndimayatsa nyali, kukoka mawaya ndi kuwakumbutsa Chichewa. Akufuna kupanga filimu yoopsa, koma osati ya afiti ouluka palichero. Akuti mukhale anthu awiri okha m'nyumba, mayi ndi mwana wake wamwamuna, ndipo woonera azichita mantha osadziwa chimene akuopa. Atandifotokozera ndinaseka, ndinati bwana, nyumba imeneyo ine ndinakuliramo. Ndinalakwa kutsegula pakamwa, chifukwa ndinawakhuthulira zonse. Ndinawauza kuti bambo anamira panyanja ine ndili m'mimba, mayi n'kundipatsa dzina lawo lomwelo. Ndinawauza kuti ankandimanga chingwe kumwendo ngati nkhuku yachilendo kuti ndisafike kumadzi. Ndinawauzanso za Leah, mkazi wanga woyamba, mmene anakhalira nafe chaka chathunthu mayi osamutchula dzina n'kamodzi komwe, kumangoti mlendo uja, mpaka anatola zake n'kumapita. A Layson ankangolemba.

Tsopano nkhani yeniyeni. Zulfa ndi woyembekezera, miyezi inayi. Mayi asamve. Ndinalumbira kuti mwana ameneyu sadzakulira m'manja mwawo, ndiponso ine ku Ngala sindipondako. Mukukumbuka ulendo uja ndinangobwera kudzawazonda, n'kukhala zaka ziwiri. Kwa anthu akuno ndine bambo wandevu zake, koma mayi akangondiitana kamodzi ndimathamanga ngati kamwana. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene ndilili.

Mundiuze za kumudzi, musandibisire.

Mlongo wanu,
Sufiyani


Ngala
20 Febuluwale 1995

Abambo a m'nyumba muno,

Ndine mayi anu Asiya, akundilembera ndi Madina. Ndalandira kalata yanu ya mizere isanu ndi umodzi. Ndinamuuza Madina awerenge kawiri, kuti mwina ina wadumpha, koma ayi ndithu, ndi yomweyo. Zikomo, mwina mapepala akusowa m'tauni.

Ine ndili bwino, musadere nkhawa. Mwendo watupa pang'ono, m'maso mukuchita nkhungu, denga la kuchipinda kwanu likudontha, koma bedi lanu ndimasuntha ndekha. Ndikusala monga mwa lamulo, ndipo nthawi yomasula ikakwana ndimaika mbale ziwiri. Anthu amandiseka. Aseke.

Kodi mlendo wanuyo amakuphikirani? Mimba yanu ndimaidziwa ndine, siifuna mafuta ambiri. Nanga malaya amachapa mpaka m'khosi? Sindikunena kanthu, ndangofunsa. Pa Idi ndidzaphika mpunga wa anthu awiri. Mukapanda kubwera ndidzapatsa nkhuku, si mlandu.

Mayi anu


Sufi,

Iyi ndiye yofiira. Mwendo sunatupe. Dzulo lomweli anali kumsika wa ku Dwangwa ndi dengu lawo la usipa, ndipo akuti anakangana ndi mwamuna wina mpaka mwamunayo anapepesa. Za mbale ziwirizo ndi zoona.

Za mlamu Zulfa ndakondwa kwambiri, moti ndinakalirira kubafa kuti asandione. Alhamdulillah. Pakamwa panga ndasoka. Koma za filimuzo sizinandisangalatse ngakhale pang'ono. Mayi ako ndi mayi ako, ungawapachike pakhoma kuti anthu aziwaloza zala? Komanso bwana wakoyo ukumudziwa bwino? Munthu amene amalemba mnzake akulira, ine sindimukhulupirira.

Kapepala aka ndikapinda pang'ono n'kukalowetsa mu envulopu ya mayi ndisanamate, popeza ku positi amapita okha akamakagulitsa nsomba.

Madina


Ndirande
3 Epulo 1995

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Ana ali bwanji? Ine ndikulemba mothamanga, mundikhululukire kalembedwe.

A Layson anasowa masiku asanu, ati akukajambula phokoso la nyanja ku Salima. Lolemba m'mawa anandiitanira m'chipinda chathu cha makina, n'kundiveka zomvera za m'makutu, ati tamvera izi. Ndinamva mafunde. Ndinamva amayi akusinja chinangwa, tambala, mwana akulira patali. Ndinayamba kumwetulira, chifukwa zinkamveka ngati kwathu. Kenako mawu anabwera kuchokera kumbuyo kwa mutu wanga: “Sufiyaniii! Abambooo!”

Achemwali, ndinaimirira n'kuvomera kuti “Wawa!” ndisanadziwe chimene ndikuchita. Waya unazuka, mpando unagwa. A Layson anaomba m'manja, ati chimenechi ndiye ndikufuna, filimu yathu iyambira pamenepa. Sanapite ku Salima. Adiresi anaiona pa envulopu imene ndinasiya patebulo, n'kukwera galimoto mpaka pakhomo pa mayi osandiuza. Munanena zoona za munthu ameneyu.

Ndawafunsa katatu ngati anatchula za Zulfa. Katatu konse akana, koma amakana akumwetulira, ndipo mimba ya Zulfa anaiona ndi maso awo tsiku lina atabwera kudzanditenga kunyumba. Munthu wakhala kunja zaka makumi awiri, anaiwala kuti nkhani ya pakati sitilengeza. Kwa iye ndi nkhani yabwino yokauza agogo.

Mundiuze zonse, kuyambira pamene anatsika m'galimoto mpaka pamene anatsanzika. Anakhala pati? Munawasiyapo awiriwiri? Mayi akuoneka bwanji masiku ano? Zulfa sindinamuuze, magazi ake akuthamanga kale.

Sufiyani


Ngala
17 Epulo 1995

Sufi,

Wa alaikumu salamu. Ana ali bwino, kupatula chifuwa. Yofiira iyi.

Bwana wako anafika Lachitatu dzuwa lili pamutu. Mayi anamulandira ngati mkamwini wochokera ku Joni: mkeka watsopano, nkhuku, mpunga wa fungo uja amasungira Idi. Sindinawaonepo akuseka chonchija. Anamulowetsa kuchipinda kwako, anamutsegulira sutikesi, anamuonetsa makabudula ako a kusukulu atapindidwa bwinobwino. Chingwe chija anachitulutsa okha, akuseka, ati mwana wanga anali wosamva, ndikanapanda ichi bwenzi ng'ona zitadya kalekale. Bwana wako anachigwira ndi manja awiri ngati chinthu cha mumzikiti.

Kenako anawapempha kuti akuitane monga ankachitira uli mwana. Ndinkaganiza kuti akana. Anamanga chitenje, anaima pabwalo, anakuitana katatu. Asodzi amene ankasoka maukonde anatembenuka onse, agalu anakhala chete. Atatha anamuyang'ana bwana wako n'kunena kuti, “Wamva ameneyo, kulikonse kumene ali.” Ponyamuka iye anandinong'oneza kuti mayi anu ndi munthu wokoma mtima kwambiri.

Za mlamu Zulfa sindinamve akutchula. Koma sindingalumbire, chifukwa mayi anandituma kukagula shuga kugolosale, ndipo nditabwerako ndinawapeza atakhala moyandikana, akulankhula motsitsa.

Chondiopsa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo mayi afatsa. Sakufunsanso za iwe. Sakudandaula mwendo. Sabata yatha ndinawapeza kwa a Fakiri atelala akusoketsa tinthu ting'onoting'ono toyera, ndipo nditafunsa anati n'za mwana wa aneba. Aneba athu onse ndikuwadziwa, palibe woyembekezera.

Madina


Ndirande
8 Meyi 1995

Achemwali,

Ndalandira. A Layson ndinawazazira pamaso pa anthu, anangokweza mapewa, ati sindinanene kanthu. Ntchito ndikanasiya, koma mwana akubwera.

Pali vuto lina. Pa 5 Juni tikupita ku Mulanje masabata asanu ndi awiri, kukajambula m'nyumba yakale ya pa esiteti ya tiyi, ndipo masiku a Zulfa akwanira mu Julayi. Miyendo yatupa, anamwino akuti asamakhale yekha. Mukudziwa kuti alibe mayi, ndipo malume ake ali ku Zambia. Pamalo tikukhala pano ndi pa anyamata okhaokha, oti akamva mkazi akubuula angathawe.

Kodi simungabwere inu ku Blantyre, ngakhale mwezi umodzi? Mayi muwauze kuti mukupita kuchipatala chachikulu kukaonetsa chifuwa cha ana. Ndilibe wina woti n'kumudalira. Yankhani msanga.

Sufiyani


Ngala
22 Meyi 1995

Sufiyani,

Waona wekha kuti ndalemba ndi yofiira.

Kubwera ku Blantyre sindingathe, mayi angafunse zambiri. Koma nzeru ilipo. Umutumize mlendoyo kwa azakhali a Mariam ku Mwadzama. Mayi ndi azakhali sanalankhulanepo chichokereni maliro a bambo, ndiye kumeneko sangapondeko. Chipatala chili pafupi. Ine ndidzanama kuti ndikukagula mpunga, n'kukamudikirira komweko.

Mlendo woyamba kumene kubereka safunika kukhala pakati pa anthu osamudziwa. Iwe sungathe, sudziwa ngakhale kuwiritsa madzi. Umukweze basi ya pa 3 Juni, akatsikire pa siteji ya kwa azakhali, akapeza womulandira. Mlendoyo atenge zovala zokwanira.

Usayankhe kalatayi, nthawi yatha kale.

Madina


Mulanje
19 Juni 1995

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Papita masabata awiri chimukwezereni Zulfa basi, ndipo sindinamve kanthu, kwa iye kapena kwa inu. Adiresi ya kuno ndinamupatsa. Kodi anafika?

Ntchito ikuyenda mwa mtundu wake. Filimu ya a Layson ilibe magazi, ilibe kukuwa. Dzulo tsiku lonse tinajambula chinthu chimodzi: mayi wa mufilimu ataima pakhomo la kuchipinda, akuyang'ana mwana wake wazaka makumi atatu akudya. Sanena kanthu, sasuntha, mphindi zisanu zathunthu. Anzanga ogwira kamera akuti tsitsi linawaima. Ine ndinkangoganiza kuti waima molakwika, mayi athu amatsamira pafelemu ndi phewa lakumanzere.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinatulutsa kalata yanu ija kuti ndionenso dzina la siteji. Ndinaiwerenga koyamba ndili ndi mtima wothokoza, ndiye ndinangoona kufiira kwake. Lero ndaiwerenga ndi maso. Achemwali, inu mumati mlamu Zulfa. M'kalata imeneyi dzina lake mulibe, muli mlendo katatu. Inu mumanditchula Sufi kuyambira ndili wakhanda, koma pamwamba pake palembedwa Sufiyani. Ndipo za kuwiritsa madzizo ndazimva moyo wanga wonse, koma osati pakamwa panu.

Ndani anakhala pambali panu pamene munkalemba?

Ndatumiza telegalamu kwa azakhali, sinayankhidwe. Ndimadziuza kuti sindingachoke kuno chifukwa jenereta ndimaidziwa ndine ndekha. Koma inu mukudziwa chifukwa chenicheni, ndipo ndikudzida nacho.

Sufiyani


Ngala
24 Julayi 1995

Bambo a mwana,

Asalamu alaikumu. Mulungu watipatsa mwana wamwamuna pa 11 Julayi, wathanzi, wamphuno ngati yanu. Ine ndili bwino, miyendo inaphwa. Pepani pochedwa kulemba, mapepala amasunga ndi mayi ndipo ankati ndiyambe ndapeza mphamvu.

Musadabwe ndi adiresi. Nditatsika basi ku Mwadzama ndinapeza amayi awiri atakhala pansi pa ambulera imodzi, akugawana nzimbe. Mmodzi anali azakhali a Mariam. Winayo ndinamuzindikira ndi pachithunzi chija mumabisa m'buku. Ndinatembenuka kuti ndikwerenso, koma basi inali itanyamuka.

Bambo a mwana, munandiopseza chabe. Mayi anandilandira chikwama, anandisambitsa mapazi ndi madzi ofunda tsiku lililonse, ndipo kuchipatala sanachoke pambali panga. Ululu utandikulira ndinawaluma dzanja, iwo osadandaula. Ine amene ndinakula wopanda mayi ndinalira, chifukwa palibe anandichitirapo zotere. Atatitulutsa anati ku Ngala chipinda chilipo kale, ndiye tinabwera kuno. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ashehe anabwera, mwana anametedwa, ndipo dzina anapereka ndi mayi. Ndi Sufiyani. Ndinati tidikire bambo ake, iwo anati bambo ake sangakane dzina lawo lomwe.

N'zoona sanditchula dzina, koma amanena mwaulemu. Ndikagwira tsache amandilanda, ati mlendo apume. Ndikafuna kumusambitsa mwana, ati mlendo apume. Amandipatsira nthawi yoyamwitsa, akakhuta amamutenganso kuti ndigone. Nthawi zina manja anga amasowa chochita, koma mwina ndi mmene zimakhalira.

Achemwali anu sakundiyang'ana m'maso, sindikudziwa chimene ndinawalakwira. Bwerani mudzamuone mwana wanu.

Mkazi wanu,
Zulfa


Ngala
2 Sepitembala 1995

Sufi,

Ndalemba ndi pensulo ya mwana wanga, ndipo kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya nsomba kuti akaiponye ku Salima. Kalata yako ya ku Mulanje ija ndinaiwerenga. Atatu otsatirawo anafika, koma ine sindinawagwire. Kiyi wa bokosi la ku positi ali m'khosi mwa mayi.

Bwana wako umupepese, sananene kanthu. Tinadzigulitsa tokha. Tinati mayi sadziwa kuwerenga, n'kuiwala kuti maso ali nawo. Tsiku loyamba lomwe lija, mu Febuluwale, ali pa msewu anaikweza envulopu kudzuwa n'kuona kuti mkati muli zofiira, pamene iwo anandiona ndikulemba ndi yabuluu. Sanandifunse. Anapita nayo kwa a Fakiri, anaitsegula ndi nthunzi ya ketulo, anawawerengera, anaimatanso ndi phala. Anachita chimodzimodzi ndi kalata iliyonse. Miyezi itatu ankadya nane mbale imodzi akudziwa zonse.

Pa 22 Meyi anandiitana m'nyumba, anatulutsa bolopeni yofiira pamene ndinkaibisa, m'thumba la ufa wa kondowole, anaiika pamkeka n'kunena kuti, “Lero tilemba ndi iyi.” Ndinakana. Anamasula bulauzi, anagwira bere lawo n'kunena kuti ngati ndinayamwa pamenepa ndipo ndikuwakana, ana anga ndidzawaika m'manda mmodzimmodzi ine ndikuona. Sufi, ndili ndi ana atatu, ndipo wamng'ono anali akutsokomola. Ndinalemba. Chimene ndinatha kuchita n'chimodzi chokha: sindinakonze mawu awo monga ndimachitira, ndinawalemba ndendende mmene ankatulukira, kuti mwina umva fungo lawo. Atatha anapita nayo kwa a Fakiri kuti atsimikize. Unazindikira, koma mochedwa. Ndikhululukire ngati ungathe, ine ndekha ndalephera.

Za azakhali usadabwe. Mayi anapita okha ku Mwadzama ndi nkhuku ndi chitenje, anagwada, anapepesa mkangano wa zaka makumi atatu. Azakhali mpaka lero akuyesa kuti anathandiza kugwirizanitsa banja.

Pano mwana amakhala kumsana kwa mayi kuyambira m'mawa. Mlamu Zulfa waonda, wasiya kuwayamikira, amangokhala pakhonde manja ali pamiyendo. Mayi ayamba kuuza anthu kuti mkaka wake ndi wamadzimadzi. Mwanayo amamutchula amuna anga, monga amachitira agogo onse ndi adzukulu awo, ndipo anthu amaseka. Ine sindiseka, chifukwa ndinamva kale mmene mawu amenewo amathera.

Madina


Ndirande
18 Sepitembala 1995

Mayi,

A Fakiri akuwerengereni bwinobwino, asadumphe liwu, popeza ntchitoyi anaizolowera.

Ndikudziwa zonse zimene munachita. Mkazi wanga dzina lake ndi Zulfa. Si mlendo, ndi mkazi wanga, ndipo mwana ali kumsana kwanuyo ndi wake. Ine sindine abambo a m'nyumba mwanu. Abambo a m'nyumba mwanu anamira mu 1964, ndipo ine sindinawaonepo. Ndine mwana wanu, ndipo ndatopa.

Pofika pa 1 Okutobala muwakweze basi onse awiri. Ndidzakhala ndikudikira ku depoti. Ine kumeneko sindibwera, kaya mwendo utupe, kaya denga ligwe. Madina musamukhudze, wolakwa ndine.

Ndinakukondani kuposa mmene mwana ayenera kukondera mayi ake, ndipo inu mukudziwa kuti munachita dala.

Sufiyani


Ngala
8 Januwale 1996

Sufiyani,

Ndine mayi ako, akundilembera ndi a Fakiri. Kalata yako ija ndinaimva, ndipo enanso anayi otsatira ndinawamva. Sindinayankhe chifukwa kulera kumatangwanitsa. Akuti unadikira ku depoti masiku atatu otsatizana. Ukanavala juzi, chifuwa chako sichilimba.

Bwana wako ndi munthu waulemu. Ananditumizira tepi ya filimu yanu, ndi kalata yothokoza. Loweruka masana ndinapita nayo ku nyumba ya vidiyo ku Dwangwa, mwana ali kumsana, ndinapempha mwini wake aiike. Anyamata anadzaza, koma ataona kuti palibe womenyana anayamba kutuluka akutukwana. Pomaliza tinatsala atatu: ine, mwana, ndi mwini vidiyo amene ankawodzera. Ine ndinaonera mpaka malemba a kumapeto. Mawu anga ndinawamva, akumveka bwino. Mwana atawamva anadzuka n'kuyamba kundifunafuna, chonsecho ali pamsana panga pomwe.

Mayi wa mufilimuyo wayesetsa, ngakhale amatuzula maso kwambiri. Zonse unamuuza bwana wako ndaziona, ndipo sindikukana chilichonse. Koma chimodzi mwalakwitsa. Mayi uja amakhoma chitseko ndi loko, kiyi n'kubisa. Zimenezo ndi za munthu amene sadziwa kulera. Ine sindinatsekerepo munthu. Chitseko cha nyumba ino chilibe ngakhale mpiringidzo, iwenso ukudziwa.

Mlendo wako anapempha kuti azipita mwezi wathawu. Ndinamuchapira zovala, ndinamukazingira nsomba za pa ulendo, ndinamupatsa mwana m'manja, ndinamuperekeza mpaka pa msewu anthu akuona. Nditatembenuka kuti ndizibwerera, mwana analira mpaka mawu anatha. Anamupatsa bere, anakana. Anamuyendetsa uku ndi uku, anadzipinda ngati akufa. Basi inafika, inaima, inaliza hutala, inapita, mlendo ali chiimire. Kenako anabwera yekha kumene ndinaima n'kundipatsa mwana, ndipo anatonthola pompo. Tinabwerera tonse atatu. Anayesanso kawiri, zinali chimodzimodzi. Pano sakupemphanso.

Sindikukuitana. Unati watopa, ndiye puma. Mwana wayamba kukhala yekha, mano awiri atuluka, ndipo akamva mawu a mwamuna pabwalo amatembenuka kuti aone. Dzulo anakwawira a Fakiri.

Mayi ako,
Asiya


Ndirande
15 Januwale 1996

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Kaya kalatayi muwerenga ndinu, kaya a Fakiri, zilibenso kanthu.

Ndikubwera kudzatenga mkazi wanga ndi mwana wanga. Ndalemba chiganizo chimenechi kuti ndichione ndi maso anga, ndipo papepala chikuoneka ngati choona.

Filimu akuti ikaonetsedwa kunja, ndipo a Layson akufuna tiyambe ina mu Malichi. Lero m'mawa nditawapempha tchuthi anavomera msanga, anatenga peni, anaima pa kalendala ya pakhoma n'kundifunsa tsiku lobwerera kuti alembe. Ndinayang'ana kalendala ija nthawi yaitali. Masiku onse analipo, koma pakamwa panga sipanatuluke ngakhale limodzi. Iwo anatseka peni yawo, anaibweza m'thumba, n'kundigwira chanza ndi manja awiri monga timachitira pamaliro.

Muwauze mayi kuti ndifika Lachisanu. Kapena musawauze, akudziwa kale.

Sufiyani